Mawu Amene Jonasi Sanalembe

Lachiwiri pa 8 Julayi, bambo Akbar anatchula tsiku. Analitchulira m'sitolo yawo ya nsalu mumsika wa Mzimba, uku akupinda chitenje chimene kasitomala anachikana, osamuyang'ana mwana wawo kumaso.

"Loweruka lino, pa 12, teni koloko m'mawa. Jonasi wakoyo atumize munthu wake, thenga wakeyo monga amanenera kuno. Ndaitana a Ishaka, bambo ako aang'ono, ndi a shehe kuti adzakhalepo."

"Zikomo, ababa," anatero Fathiya.

"Usafulumire kuthokoza. Anthu a Jibril akhala akudikira yankho langa kuyambira mwezi wa Ramadani. Ndawauza kuti apirire mpaka Loweruka. A ku Champhirawo akapanda kuoneka, ine ndilibenso china chowauza koma kuvomera."

Jibril anali mwana wa mnzawo wa bambo Akbar, wogulitsa zida za njinga zamoto. Analibe cholakwa chimene Fathiya akanatchula. Sankamufuna basi.

Bambo Akbar anaika chitenje chija pa shelefu, kenako anatembenuka.

"Ndipo usaganize kuti ndafewa chifukwa cha misozi yako. Ndi uthenga uja unandiwerengera. Mwana wa Akhristu, wolemba yekha kuti watsimikiza mtima kulowa Chisilamu, ndiyenera kumupatsa mpata. Ukanakhala kuti kulibe uthengawo, sindikanayala mkeka."

* * *

Fathiya anali ndi kashopu kotayipira ndi kusindikiza mapepala kuseri kwa depoti. Koma chimene chinamutchukitsa si makinawo. Anthu ankabwera ndi foni zawo kuti awakonzere Chingerezi asanaponye malonda pa Fesibuku, kapena asanatumize kalata yofunsira ntchito. Pakhoma anamatapo pepala la malangizo: werenga mokweza usanatumize, chiganizo chikatalika, chidule pawiri, usakhulupirire foni ikamakusinthira mawu, dzina la munthu ndi la malo liyambe ndi chilembo chachikulu.

Jonasi Shaba wa ku Champhira analowa m'kashopuko koyamba pa 11 Novembala chaka chatha. Ankayendetsa galimoto yokoka ngolo, yonyamula katundu wa anthu a ku Mzimba ogwira ntchito ku Joni: mafiriji, malata, njinga, mabulangete. Chilengezo chimene anabwera nacho chinali cha mizere isanu ndi umodzi, chopanda mpumiro ngakhale umodzi. Fathiya atachikonza, Jonasi anachiwerenga kawiri n'kuseka.

"Mama, mwachichapa mpaka mwini wake sindikuchizindikira."

Anabweranso sabata yotsatira ndi chilengezo china. Ulendo wachitatu anabwera wopanda chilengezo.

Pa 3 Malichi Fathiya anaika lamulo. Mauthenga awo onse azikhala a Chingerezi, kuti Jonasi azolowere, asamachite manyazi polemberana ndi makasitomala ake a ku Joni. Uthenga uliwonse wa Jonasi unkayankhidwa kawiri: yankho lenileni, ndi pansi pake zolakwa zake, chilichonse ndi kanyenyezi kake. Ngakhale uthenga wonena kuti wamusowa unkabwerera kwa mwini wake ndi tinyenyezi titatu.

Kuyambira pa 14 Meyi tinyenyezi tinatha. Mauthenga a Jonasi anayamba kubwera oyera, mpumiro pamalo pake, mawu osankhidwa bwino. Fathiya anadzitama kwa mng'ono wake Bahati kuti mwana wa sukulu wake wakhoza mayeso. Ndipo pa 19 Juni, nthawi ili 4:12 madzulo, unafika uthenga umene anawawerengera bambo ake ndi kuwatanthauzira liwu ndi liwu.

* * *

Lachitatu cha m'ma leveni koloko, m'kashopu muja munalowa mkazi wamtali, wovala suti yabuluu ndi juzi pamwamba pake. Kunja kunali mphepo ya Julayi youlutsa fumbi la depoti. Mkaziyo anatseka chitseko, n'kuyamba kuwerenga pepala la pakhoma lija mwachifatse.

"Ndinu a Fathiya, okonza Chingerezi aja?"

"Ndine. Tikuthandizeni chiyani, madamu?"

"Ine changa n'chokonzakonza kale. Ndine mphunzitsi, ku Jenda. Ndikungofuna kusindikiza. Makope awiri."

Fathiya anamupatsa nambala yotumizira. Zithunzi zinayamba kulowa pakompyuta, chimodzi pambuyo pa chinzake, mpaka makumi awiri ndi zitatu. Zonse zinali zojambulidwa pafoni, zosonyeza anthu awiri akulemberana.

Anatsegula choyamba. Pamwamba panali nambala ya Jonasi, ndi Chingerezi chake chija chotsimphina, chopanda mpumiro, chimene Fathiya anali asanachionenso kwa miyezi iwiri. Pansi pake panali yankho la mkaziyu: mawu omwewo, okonzedwa, osalala. Fathiya anawazindikira nthawi yomweyo. Anali mawu amene anawalandira pa 14 Meyi, amene anawaonetsa Bahati.

Anatsegula chachiwiri, chachitatu. 

"Ku Jenda makina afa onse?" anafunsa, maso ali pakompyuta.

"Alipo chomene. Koma ndimamva kuti inki yanu ndi yakuda bwino." Mkaziyo anakoka mpando n'kukhala. "Dzina langa ndine Angelina, kwathu amati NyaZgambo. Ine ndi Jonasi tinabatizidwa tsiku limodzi, mpingo umodzi. Amama ake ndimaimba nawo kwaya."

Chithunzi cha 17 chinali cha pa 19 Juni. Fathiya anachikulitsa.

Jonasi analemba kuti amamukonda Fathiya, kuti nkhani ya chipembedzo ndi yolemera, kuti akufuna ayambe waphunzira, ndipo sangachite kanthu asanawauze makolo ake. Zinali mizere inayi yodzaza zolakwa.

Pansi pake, Angelina analemba kuti Jonasi watsimikiza mtima, alowa Chisilamu ukwati usanachitike, ndipo palibe wa kwawo angamubweze.

"Apa simunakonze," anatero Fathiya. "Mwalemba zina."

"Ndinamuthandiza kunena zimene inu mumafuna kumva. Si ndiye ntchito yathu, ine ndi inu?"

"Ine ndimakonza zimene munthu wanena. Sindimulankhulira."

"Mbwenu ndinu katswiri." Angelina anamwetulira. "Koma katswiri akachuluka ukali, ana a sukulu amathawira kwa mphunzitsi wina. Anandipeza ku Jenda, nkhope ili pansi, akuti sisi ndithandize, ndatopa kuchongedwa ngati mwana wa Sitandade 4. Ndikanamukana?"

Angelina analoza pakompyuta.

"Kope limodzi ndi la amama ake. Foni yawo ndi ya mabatani, siionetsa zithunzi. Ayenera kudziwa kumene mwana wawo akupita. Linalo ndi lanu. Mphatso."

Fathiya anaganiza zokana. Koma akanakana, mapepalawo akanasindikizidwa khomo lachitatu kuchokera pamenepo, kwa Gregory, amene pakamwa pake sipatseka, ndipo pofika madzulo msika wonse ukanakhala utawerenga. Anadina batani. Makina anayamba kulavula mapepala.

Anawasanja motsata masiku, n'kuwamanga ndi sitepula, n'kuika kope limodzi mu envulopu.

Angelina anaima pakhomo, envulopu ili kukhwapa.

"Loweruka mwakonza chiyani? Mpunga? Asibweni Enos sakonda tsabola, ndangokuuzani. Ngati abwere."

A Enos anali amalume ake a Jonasi, amene anavomera kukhala thenga. Dzina lawo Fathiya anali asanalitchule kwa munthu aliyense kupatula bambo ake.

* * *

Lachinayi Fathiya sanatsegule kashopu. Anakwera minibasi yoyamba yopita ku Jenda.

Jonasi anali atafika kuchokera ku Joni Lamulungu, ndipo anali akugawabe katundu wa anthu. Anamupeza kuseri kwa masitolo, akumasula zingwe pa malata. Mumsewu waukulu munkadutsa malole odzaza mabelo a fodya. Jonasi atamuona, anamwetulira, kenako anaona mapepala m'manja mwake, ndipo kumwetulirako kunathera pomwepo.

"Fathi."

"Bambo Shaba, mwaswera bwanji?"

"Usandiyankhule choncho, ndapota."

"Ndikuyankhuleni bwanji? Ndikapemphe kaye a NyaZgambo andikonzere?"

Jonasi anauza anthu amene ankadikira malata kuti abwereko pakapita kanthawi. Anamutengera pakhonde la sitolo yotseka. Fathiya anakana kukhala.

"Mauthenga makumi awiri ndi atatu," anatero. "Kuyambira pa 14 Meyi. Ndimayankha ndani nthawi yonseyi? Zimene ndimakuuza za mayi anga malemu, amawerenga ndani?"

"Zako sindimamutumizira zonse."

"Zonse ayi. Zikomo kwambiri."

"Tamvera, Fathi." Jonasi anapukuta manja pa buluku. "Munthu uli pa boda masiku awiri, osasamba, osagona, mzere wa malole sukuyenda. Ukulemba kuti ndakusowa. Yankho likubwera lakuti chilembo ichi chikhale chachikulu, apa pakusowa mpumiro. Kamodzi ndinaseka. Kachiwiri ndinaseka. Pofika Meyi ndikagwira foni manja amachita thukuta. Ndimalemba, kufufuta, kulemba, kufufuta. Tsiku lina ndinakhala ola lathunthu pa mizere iwiri."

"Ukanandiuza."

"Ndinakuuza. Ndinalemba kuti zikundilemera. Unandibwezera ndi tinyenyezi tiwiri."

 Fathiya anaukumbukira uthengawo. Unali wa kumapeto kwa Epulo, ndipo ankaganiza kuti akunena za ulendo.

Mayi wina wogulitsa tomato anawayandikira ndi beseni, n'kuona nkhope zawo, n'kubwerera.

"Zimenezo ndamva," anatero Fathiya patapita kanthawi, mawu atatsika. "Cholakwa changa ndachiona. Koma ichi." Anatambasula tsamba la 17. "Unawerenga usananditumizire?"

"Ayi. Ndinali pa zenera la akasitomu ku boda, mapepala m'manja. Unangofika, ine n'kukopera, n'kutumiza. Ndinawerenga nditabwerera m'galimoto."

"Ndipo unamva zimene ukunena?"

"Chingerezi changa n'chopunduka polemba, Fathi, osati powerenga. Ndinamva." Anayang'ana pansi. "Ndikuti ndifufute, foni ikulira. Ndiwe. Ukulira, ukuseka, ukuti uwawerengera adada ako tsiku lomwelo. Ndikanati chiyani? Kuti dikira, si ine?"

"Eya. Ukanatero."

"Ndinaopa."

"Masiku makumi awiri ndi limodzi ukuopa. Angelinayo unamufunsa?"

"Anati anangokometsera. Anati akazi amafuna mwamuna wolankhula motsimikiza. Kuyambira pamenepo sindinamutumizirenso zolemera, zamoni zokhazokha."

"Koma unapitiriza."



Fathiya anapinda mapepala aja pakati.

"Ndiuze tsopano, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'chilichonse. Zoona ndi ziti?"

"Zimene ndinalemba ine. Ndikukufuna, izo sizinasinthe. Ndikufuna kukhala pansi ndi a shehe, ndiphunzire, ndimve. Sindinakane. Koma sindinganene kuti ndatsimikiza pamene sindinatsimikize. Ndipo amama sindinawauze. Asibweni akungodziwa kuti ndiwe mtsikana wa pa boma, mwana wa ogulitsa nsalu."

"Amama ako akudziwa tsopano."

"Andiimbira kasanu ndi kamodzi kuyambira dzulo. Sindinayankhe. Ndikangomaliza malatawa ndikupita ku Champhira, ndikalankhule nawo maso ndi maso."

"Ababa ayala mkeka chifukwa cha uthenga umenewu. Anandiuza okha."

"Usawauze kaye. Ndapota chomene. Ukawauza lero, Loweruka kulibe. Koma asibweni akafika, akakhala pansi ndi adada ako, akuluakulu adzapeza njira okhaokha. Asibweni amadziwa kulankhula."

"Ukundipempha ndiwanamize bambo anga."

"Ndikukupempha masiku awiri."

 Fathiya anakonza mpango wake kumutu, n'kulunjika kokwerera minibasi. Sananene kuti eya, sananenenso kuti ayi.

* * *

Lachisanu, atabwera ku mapemphero a Juma, bambo Akbar sanabwerere kusitolo. Anafika kunyumba ndi mbuzi yamangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto, ndi thumba la mpunga wa ku Karonga. Fathiya ndi Bahati anali kuseri, akutsuka makapu a alendo amene sankatulutsidwa wamba.

Foni ya Jonasi inali yozimitsa kuyambira m'mawa. Fathiya anali atayesa kasanu.

Anawapeza bambo ake pakhonde akuvula nsapato.

"Ababa."

"Bwera, mwana wanga. A shehe atsimikiza, abwera. A Ishaka andivutitsa kumsikiti, akuti ukudziwa bwanji kuti mnyamatayo sakungofuna mkazi? Akuti mawu a pafoni ndi mphepo." Anaseka pang'ono. "Ndawauza kuti mnyamatayo sindikumudziwa, koma mwana wanga ndikumudziwa. Chibadwire sanandinamizepo. Akati walemba, ndiye kuti walemba."

Fathiya anaima chilili. Mapepala aja anali m'chipinda, pansi pa matiresi, mapazi khumi kuchokera pamene anaima.

"Umati chiyani?" anafunsa bambo ake.

"Ndimati ndikubweretsereni tiyi?"

"Bweretsa. Uthiremo jinja, kwazizira."

Atabwerera kuseri, Bahati anamuyang'ana m'mbali.

"Achemwali, kapu imeneyo mwaitsuka katatu."

"Ili ndi fumbi."

"Dzulo munapita kuti? Gregory akuti kashopu kanali kotseka tsiku lonse."

"Gregory alibe makasitomala, n'chifukwa chake amawerenga zitseko za anzake."

"Ine sindine Gregory. Mwayambana?"

"Tsuka masupuni, Bahati."

* * *

Loweruka pa 12 Julayi, nthawi isanakwane teni, mikeka inali itayalidwa pakhonde. Bambo Akbar anavala mkanjo woyera. Kumanja kwawo kunakhala a shehe, kumanzere a Ishaka. Mbali inayo ya khonde anasiya mkeka watsopano wopanda munthu. Fathiya anakhala m'nyumba, kuseri kwa katani ya pazenera, pamene ankamva zonse.

Teni koloko inakwana. A Ishaka anayang'ana wotchi. Itakwana 10:20 anayang'ananso.

"Msewu wa ku Champhira ndi wautali," anatero a shehe.

"Wa kwa Jibril ndi waufupi," anayankha a Ishaka.

Nthawi ili 10:47 njinga yamoto ya kabaza inaima pageti. Anatsika munthu mmodzi, wovala jekete yakuda yotuwa ndi fumbi. Fathiya anadikira kuti kumbuyo kutulukire ina. Sikunatulukire kanthu.

Jonasi anavula nsapato patsinde pa khonde. Sanakhale pamkeka watsopano uja. Anagwada pasimenti, n'kupereka moni kwa aliyense.

A Ishaka ndiwo anayamba.

"Kwanu ku Champhira mwamuna amadzifunsira yekha mbeta? Kapena mwambo unasintha ife osamva?"

"Sunasinthe, adada. Ndalakwitsa kubwera ndekha, ndikudziwa. Koma ndinaona kuti kusabwera n'koipa koposa."

"Lankhula," anatero bambo Akbar.

Jonasi anayamba kufotokoza.

"Uthenga umene anakuwerengerani Fathiya, wa pa 19 Juni, sindinalembe ine. Unachoka pafoni yanga, koma mawu ake si anga. Ndinkachita manyazi ndi Chingerezi changa, ndiye ndinkapereka kwa munthu wina kuti azindikonzera. Tsiku limenelo anasintha zimene ndinanena. Ine ndinati ndikufuna kuphunzira kaye, ndi kuwauza makolo. Iye analemba kuti ndatsimikiza. Ndinaona, ndipo ndinakhala chete. Mlandu ndi wanga."

 Kuseri kwa nyumba Bahati anasiya kusinja adyo.

"Ndiye sunatsimikize," anatero bambo Akbar.

"Sindinatsimikize. Koma sindinakane. Ngati a shehe angandilole, ndikufuna kuyamba kuphunzira."

"Munthu winayo ndani?"

"Mphunzitsi wa ku Jenda. Wa mpingo wathu."

"Mwamuna?"

"Mkazi."

A Ishaka anaseka kamodzi, kuseka kouma.

Bambo Akbar sanaseke. Anatembenukira kuzenera.

"Fathiya."

Anatuluka, n'kugwada pafupi ndi chitseko.

"Zimene akunenazi ukuzimva koyamba?"

Jonasi anadzutsa mutu. "Adada, iye sana..."

"Sindikufunsa iwe."

"Ayi, ababa," anatero Fathiya. "Si koyamba."

"Unadziwa liti?"

"Lachitatu. Leveni koloko."

"Lachitatu." Bambo Akbar anabwereza liwulo pang'onopang'ono. "Dzulo unaima apa, ine ndikuvula nsapato. Ndinakuuza zimene ndinawayankha a Ishaka kumsikiti. Iwe n'kundifunsa za tiyi."

Fathiya anayang'ana mkeka. Anafuna kunena kuti Jonasi anamupempha asaulule, koma anadziwa kuti dzulo pakhondepo panalibe amene anamutseka pakamwa.

A shehe anatsokomola.

"A Akbar, ndiloleni. Mnyamatayu akanatha kukhala chete. Akanabwera kwa ine, n'kunena mawu a chikhulupiriro ndi milomo yokha, n'kutenga mwana wanu. Tawaona ambiri otero. Uyu wabwera kudzadzichititsa manyazi yekha. Ine wophunzira wotere sindimubweza."

"Kuphunzira aphunzire," anatero a Ishaka. "Koma a Jibril tinawalonjeza lero."

Bambo Akbar anayendetsa chala m'mphepete mwa kapu yopanda tiyi.

"Ndipita kwa a Jibril madzulo ano, ndikawapemphe masiku asanu ndi limodzi. Ndikachita manyazi, koma ndipita." Anamuloza Jonasi. "Lachisanu likubwerali, pa 18, nthawi ya Juma isanakwane. Ubwere ndi amalume akowo, a Enos. Sindikufunanso za pafoni. Adzanene ndi pakamwa pawo, pamkeka uwu, kuti banja lanu likudziwa zimene ukufuna kuphunzira ndipo silikukutchinga. Akapanda kubwera, ndikatuluka mumsikiti ndikulunjika kwa a Jibril, ndipo dzina lako silidzatchulidwanso m'nyumba muno."

Kenako anatambasula dzanja kwa mwana wawo.

"Iwe, foni. Ndi makiyi a kashopu. Mpaka tsiku limenelo sutuluka pageti."

Fathiya analowa m'nyumba, n'kubwera nazo. Anaziika m'dzanja la bambo ake. Mumtima mwake munali chinthu chaching'ono chimene chinayamba kupumanso. Masiku asanu ndi limodzi sanali ambiri, koma analipo.

"Wamva, mnyamata?" anatero bambo Akbar. "Nyamuka."

Jonasi sananyamuke. Anali chigwadire, manja ali pamaondo.

"Adada, asibweni sangabwere."

"Adwala?"

"Ayi. Ali bwino." Anapuma. "Amama atawerenga mapepala a uthenga uja, anaitanitsa banja lonse dzulo. Ndinawafotokozera kuti si mawu anga. Amama anati ngakhale amene ndinalemba ndekhawo ndi okwanira. Anati mwana wawo akusochera chifukwa alibe mkazi wa mpingo womugwira."

"Ndiye?"

"Asibweni anyamuka mbandakucha, iwo ndi adada aang'ono awiri. Avala masuti amene anakonzera kubwera kuno. Ndinawatsekera njira, anandikankhira pambali." Jonasi anamuyang'ana Fathiya koyamba chifikire. "Apita kwa a Zgambo, kwawo kwa mphunzitsi uja. Amama awatuma akandifunsire Angelina."

 Kuseri, mafuta anayamba kupsa pamoto, ndipo panalibe wowachotsa.

A Ishaka anayang'ana wotchi yawo kachitatu.

"Anyamuka mbandakucha, pano ikupita ku leveni ndi theka. Kumeneko nkhani yatha kale. Achimwene, pakhonde panu pagwada mwamuna wa mwini."

Bambo Akbar anaika foni ndi makiyi m'thumba la mkanjo, n'kuimirira.

"Tsiku ndatchula kale, ndipo sindilisintha. Pa 18, ndi a Enos omwewo. Ngati pakamwa pawo pafunsira mkazi wina m'mawa uno, adzabwere ndi pakamwa pomwepo adzandiuze kuti akamasula zimene amanga kumeneko."